Laimu pa Misuku Yanga

Masiku ano kukubwera ana kudzandiphunzitsa za mitengo. Amafika atavala masikipa ofanana, atanyamula timbande m'manja, n'kundikhazika pansi kuti andifotokozere ubwino wa mitengo yachilengedwe. Akuti imasunga madzi, akuti imagwira nthaka, akuti tisiye kukonda bulugamu. Ine ndimangoti zikomo, n'kuwapatsa madzi akumwa, chifukwa si iwo amene anandilakwira. Koma akangotembenuka mtima wanga umayamba kuwira ngati zachitika dzulo. Ndinali nayo misuku yanga ine ku Masasa, yobzala ndekha, ndipo anaidula anthu amene anabwera kudzabzala mitengo.

Ku Mzuzu ndinapitako ngati katundu wa amuna anga. Iwo anali kalaliki mu ofesi ina ya boma ku Zomba, ndipo atawasamutsa panalibe wondifunsa ngati ndikufuna. Tinakweza bedi, mapoto ndi makina anga osokera pa lole, ine n'kukhala pamwamba pake ndili ndi pakati. Tinapeza kanyumba ku Masasa, pamtunda, kenako tinakagula n'kumawonjezera chipinda chimodzichimodzi. Mzuzu ndinadana naye tsiku loyamba lomwe. Kwathu chiperoni chimabwera masiku angapo n'kupita, koma uko mvula yamawawa inkangokhala ngati mlendo wopanda manyazi. Matewera sankauma, machesi sankayaka, dothi lofiira linkakutsata mpaka kuchipinda. Pamsika ndikapereka moni ankandiyankha bwinobwino m'Chichewa, koma akatembenukira mnzawo n'kuyamba Chitumbuka ndinkangoganiza kuti akunena ine.

Kumunsi kwa nyumba yathu kunali malo otsetsereka ofika kumsewu. Panalibe kanthu. Mitengo yonse anthu anali atasonkhera moto kalekale, kungotsala dothi loguga ndi ngalande zokumbidwa ndi mvula. Ndikakhala pakhonde ndi makina anga, maso ankagwera pamenepo tsiku lonse, ndipo pankandinyansa.

Munthu woyamba kundiseketsa ku Mzuzu anali mayi wa nyumba yoyandikana nafe, wa msinkhu wanga womwewo, wochokera cha ku Rumphi. Ankagulitsa usipa wouma mumsika, ndipo mawu awo ankafika pakhomo eni ake akadali kumsewu. Tinkangoitanana kuti aneba. Nyengo yotentha itafika, tsiku lina anatulukira ndi kabeseni ka masuku n'kukaika pamwamba pa nsalu imene ndinkasoka.

"Idyani, aneba, mwina mungasiye kukwinya nkhope. Mzuzu wakulakwirani vichi?"

Nditaboola limodzi ndi chala n'kuyamwa, misozi inalengeza m'maso. Masuku ndiwo anatilera ife m'mapiri a kwathu. Tinkatola ogwa okha popita kusukulu, aawisi n'kuwavundika m'dzenje ndi masamba, kenako n'kumakangana kuti dzenje ndi la ndani. Ndinalavulira njere m'dzanja, ndinayang'ana kumunsi kuja, n'kunena kuti ndibzala.

Aneba anaseka mpaka kugwira chipupa. "Msuku sabzala yayi, aneba. Umenewo amabzala ndi Chiuta, kuthengo. Inu a kummwera mwabwera kudzalanda ntchito ya Chiuta?"

Ine munthu akandiseka ndiye wandituma. Chaka choyamba ndinachita zimene ndinkadziwa. Ndinatsuka njere, kuziyanika padzuwa ngati chimanga cha mbewu, kuzisunga m'botolo mpaka mvula. Sipanamere ngakhale imodzi. Chaka chachiwiri ndinaona timbande titamera tokha padzala pamene tinkataya makoko, ndipo ndinazindikira kuti njere ya msuku sifuna kugonetsa, umaichotsa mkamwa n'kuikwirira pomwepo. Ndinatolera zitini za mafuta ophikira, kuziboola pansi, kuthiramo dothi losakaniza ndi manyowa a nkhuku. Zinamera, ndipo ndinakawaitana aneba kuti adzaone ntchito ya Chiuta ili m'zitini. Sipanapite nthawi masamba anayamba chikasu, mbande n'kumafa, iyi lero, iyo mawa, mpaka zitini zinatsala zokha.

Aneba omwe ankandiseka aja ndiwo anayamba kudandaula kuposa ine. "Ana awa akufuna mayi wawo," anatero. "Kuthengo timisuku timamera pansi pa mayi wake, ndipo sitidwala. Mwina ndi dothi." Sankadziwa, nanenso sindinkadziwa, koma masuku atapsanso tinanyamuka Loweruka lina ndi mabeseni ndi khasu, ine mwana wanga woyamba ali kumsana. Tinadutsa Msongwe mpaka kumene thengo linali lisanathe.

Tsiku limenelo ndi pamene ndinayamba kumukhululukira Mzuzu. Munali mitondo, miombo, miwanga, katope m'mbali mwa kamtsinje, ndi misuku yambirimbiri yokhotakhota. Uliwonse unali ndi khungwa lakelake ndi mthunzi wakewake, ndipo aneba ankanditchulira mayina a Chitumbuka ine n'kumawabwezera a kwathu, pena n'kupeza kuti dzina ndi limodzi. Tinapala dothi la pansi pa misuku, lakuda, la masamba owola, lokhala ndi timaulusi toyera, lonunkhira bowa. Pobwerera titasenza, anthu ankatiimitsa kufunsa chimene tikugulitsa. Bambo wina wa njinga atasuzumira m'beseni anapukusa mutu.

"Amama, Mzuzu yense matope okhaokha, inu mwakatenganso ena?"

Koma dothi limenelo ndilo linali mankhwala. Ndinafesamo njere zatsopano, mbande zinabiriwira, ndipo mvula yotsatira ndinaziwokera kumunsi kuja. Sindinakoke chingwe, sindinayeze kanthu. Pamene khasu lalowa bwino, pamenepo.

Msuku si mtengo wa munthu wachangu. Chaka chimatha uli pabondo, china n'kutha uli pabondo pomwepo, ngati ukukuyesa dala. Ndinaitchingira ndi minga kuopa mbuzi za anthu, ndinalambula kuopa moto wa ana osaka mbewa, chilimwe ndinkatsika ndi ndowa kumtsinje pakati pa kusoka diresi ndi kuphika. Ndinabereka ana ena atatu ikukulabe. Aneba anabzala mapeyala pambuyo panga n'kuyamba kugulitsa ine ndikuthirirabe. Amuna anga ankandiseka mwaulemu wawo uja.

"Amake mwana, kodi mitengo yanuyi tidzadya ife kapena adzukulu?"

Ndinkawayankha kuti amene watopa kudikira akagule kumsika.

Koma inakula. Inandipitirira msinkhu, inapitirira amuna anga, nthambi zinayamba kukhudzana. Masamba a msuku ndi aakulu, okhakhala, olimba ngati chikopa, ndipo akagwa n'kuuma amalira pansi pa phazi. Sindinkawasesa, ndinkawasiya kuti awole pomwepo, ngakhale amayi ena ankanong'onezana kuti mayi wa ku Zomba ndi waulesi. Ngalande zija zinatsekeka zokha. Mbalame zimene sindinazionepo m'tauni zinayamba kubwera. Amuna anga omwe, onyoza aja, anayamba kutsika ndi mpando Loweruka masana kukawerengera nyuzipepala pamthunzi. Mvula ina aneba anakuwa kuchokera kumunsi ngati aona njoka, koma anali atapeza bowa pansi pa mitengo yanga, bowa weniweni wodya, m'kati mwa tauni. Tinaphika kamphika kamodzi n'kugawana nyumba ziwiri.

Chinatsala chinthu chimodzi. Misuku ilipo yaimuna ndi yaikazi, ndipo sungaidziwe mpaka itachita maluwa. Wamwamuna maluwa ake amabwera ambiri pamodzi, n'kuyoyoka osasiya kanthu. Wamkazi amatulutsa limodzilimodzi, lokhala ndi kambulu kolimba pakati, ndipo kambuluko ndiko kamadzakhala suku. Zaka zonsezo ndinkalera mitengo osadziwa ngati ndidzalawapo chipatso. Aneba ankati kwa tsoka langa mwina ndalera amuna okhaokha, gulu la madoda ongodya osabweretsa kanthu. Mwana amene ndinamubereka kumsana pokatenga dothi anali atafika sitandade faifi pamene ndinaona timaluwa tosamasula koyamba, Khirisimasi itangopita. Ndinkatsika m'mawa uliwonse ndisanakoleze moto kukaona ngati tamasula.

Zinali zaka zija za chipani chimodzi. Wopanda khadi sankalowa mumsika kapena kukwera basi, ndipo anyamata a malaya ofiira ankaima pazipata kuti aone. Mawu ankatuluka mkamwa atasefedwa kawiri, makamaka m'nyumba ya munthu wa ntchito ya boma ngati yathu. Chaka chilichonse nthawi ya mvula kunkakhala tsiku lobzala mitengo, ndipo nthambi za chipani zinkapikisana kuti ya ndani ioneke bwino. Chaka chimenecho kunamveka kuti bwana wina wamkulu wa chigawo adzabzala mtengo wake ku Masasa.

Tcheyamani wa nthambi yathu anali munthu wakwathu, wa ku Zomba konko, ndipo ichi ndicho chimandiwawa kwambiri. Anafika ku Mzuzu ndi kachikwama kamodzi, anagona pabalaza pathu miyezi ingapo, buluku lake loyamba lopanda chigamba ndinasoka ndine. Kenako anatsegula kagolosale, anayamba kuyenda ndi akuluakulu, mimba inatuluka, mayendedwe anasintha. Ankandiitanabe kuti achemwali, ine n'kumati achimwene.

Anabwera masana ena ndi anyamata awiri onyamula chingwe ndi zikhomo. Sanafike pakhonde. Anaima kumsewu n'kumaloza misuku yanga ndi ambulera. Nditatsika anandipatsa moni wautali, kufunsa ana, kufunsa za kumudzi, kenako anafika pa nkhani.

"Achemwali, mwayi wakugwerani. Komiti yasankha malo anuwa. Ali pamsewu, abwana akatsika galimoto sayenda mtunda. Tingolambula tchireli, tikumbe maenje, tibzale mitengo."

"Tchire lake liti, achimwene?"

"Ili."

"Iyi ndi mitengo. Ndinabzala ndine."

Anaseka, anyamata aja n'kusekanso pomuthandiza. "Achemwali, tikunena mitengo ya chitukuko. Bulugamu wa ku nazale, wa m'machubu, wobzala m'mizere. Misuku imamera yokha kuthengo, ngakhale anyani akudziwa. Abwana angayende ulendo wonsewu kudzaona thengo?"

Ndinamufotokozera zonse, za zitini, za dothi la kuseri kwa Msongwe, za maluwa amene anali pafupi kumasula. Ndinati abzale bulugamu wawoyo m'mipata, malo alipo. Ndinati atenge munda wanga wa chimanga wa kumtunda, ndizula ndekha. Anati kumtunda sikuoneka kuchokera pamsewu, ndipo mzere sukhota chifukwa cha msuku. Ankagwedeza mutu uku akuyang'ana wotchi. Pomaliza anati malo onse ndi a boma, ife timangobwereka, ndipo akambirana ndi bambo a panyumba.

Amuna anga sanali munthu woipa, ndipo zimenezi zimandikwiyitsanso, chifukwa munthu woipa umamutukwana n'kupepukidwa. Anali munthu wamantha, amene anaonapo mnzawo wa mu ofesi akutengedwa pa desiki masana, jekete n'kutsala pampando, osabweranso kudzaitenga. Madzulo amenewo anadya pang'ono, anatseka zenera, n'kulankhula motsitsa mawu.

"Amake mwana, ndi mitengo chabe. Tili ndi ana anayi. Mukufuna azikandionera kundende chifukwa cha masuku?"

Ndinati palibe munthu anamangidwapo chifukwa chokana kudula mtengo. Iwo anati anthu amangidwa pa zochepa kuposa pamenepo, ndipo ankanena zoona.

Nzeru ya laimu inachokera kwa aneba. M'mawa mwake anandipeza nditakhala pa makina osasoka kanthu.

"Musalimbane nawo yayi, aneba, mungafe waka. Inu simunaone? Boma silidziwa mtengo ngati sunavale sokosi. Mitengo ya kumaofesi, ya kusukulu, ya kuchipatala, yonse ili ndi sokosi zoyera. Tiyeni tiveke yanuyi sokosi, aone kuti ndi mitengo nadi."

Zinali zoona. Mlendo wamkulu akamabwera, chilichonse choima m'mbali mwa msewu chinkapakidwa laimu, mitengo, miyala, ngakhale chulu. Akuti kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndipo ife tinaganiza kuti tapeza madzi oviikira. Aneba anabweretsa laimu wotsala popaka nyumba yawo, ine ndinagula wina. Tinasungunula m'ndowa, kuthiramo mchere kuti asachoke ndi mvula, n'kupanga maburashi a khonje. Ine sindinathere pa sokosi. Mantha anandikweza mpaka pamene mkono unafika nditaima pa mpando. Ndinadulira tinthambi ta m'munsi kuti mathunthu aoneke. Tinasesa masamba onse aja ndinawasunga zaka kuti awole, n'kuzunguliza mtengo uliwonse ndi miyala yoyera. Pofika madzulo manja athu anali atasupuka ndi laimu, koma misuku yanga inali itaima ngati amayi a kutchalitchi atavala zoyera.

Tcheyamani anabweranso. Anayenda pakati pa mitengo, kugogoda mathunthu ndi ambulera, kuyeza kunenepa kwake ndi zala.

"Achemwali, mwagwira ntchito," anatero. "Sindinadziwe kuti ndi yowongoka chonchi."

Anapita osatchulanso za kulambula. Ine ndi aneba tinaphika tiyi wa mkaka kukondwerera, n'kumadzitama kuti akazi tili ndi nzeru.

Kutatsala tsiku limodzi kuti mwambo uchitike ndinapita kumsika kukagula ulusi. Pobwerera ndinamva nkhwangwa ndisanakhote kulowa msewu wathu. Munthu amadziwa kusiyana kwa nkhwangwa pa nkhuni youma ndi pa mtengo wauwisi. Ndinathamanga, nsapato imodzi n'kutsala m'matope.

Anyamata a malaya ofiira anali ponseponse, ena mwa iwo ana amene ndinawasokera yunifomu ya sukulu. Mitengo ingapo inali pansi kale. Ena ankasadza nthambi, ena ankakumba maenje a nsanamira pafupi ndi msewu. Tcheyamani anandilandira ndi manja awiri.

"Achemwali, mwatipulumutsa. Timasowa mitengo ya chisakasa cha abwana. Tinati tikadule kutali, tinyamule, tidzapakenso laimu, koma nthawi yatha. Apa tapeza yopakapaka, masamba ake ndi denga lomwe. Komiti yathokoza chomene."

Ankati chomene tsopano, munthu wa ku Zomba.

Sindikumbukira zonse zimene ndinanena. Ndikudziwa kuti ndinamukumbutsa mphasa ya pabalaza panga ndi buluku lija, anyamata ake akumva. Ndinamufunsa ngati anabzalapo kanthu chibadwire kupatula mimba yakeyo. Ndinakumbatira mtengo umodzi umene unali usanadulidwe, laimu n'kundimata bulauzi yonse. Nkhwangwa zinaima. Mumsewu munali mutadzaza anthu, ndipo aneba anali pakati pawo atagwira pakamwa.

Tcheyamani sanakweze mawu. "Achemwali, ndikufunseni anthu akumva, kuti mawa pasakhale kunamizirana. Kodi mukukana chitukuko?"

Funso limenelo linali ndi yankho limodzi lokha m'dziko lonse. Ndisanatsegule pakamwa ndinamva dzanja likundigwira mkono. Anali amuna anga, wina anali atawathamangira ku ofesi. Anali wefuwefu, tayi ili paphewa. Sanayang'ane ine, anayang'ana tcheyamani, akumwetulira.

"Sakukana, a tcheyamani. Mayiwa mutu ukuwapweteka kuyambira dzulo. Pitirizani ntchito."

Anandikoka kukwera mtunda, ndipo zala zawo zinandisiyira madontho akuda pamkono sabata yonse. Mitengo yotsalayo ndinaimva ikugwa ndili kuchipinda. Msuku wa msinkhu umenewo sugwa ndi mkokomo, masamba amangoti fwaa, kenako nkhwangwa n'kuyamba pena.

M'mawa mwake ndinavala nsalu ya chipani ngati mayi wina aliyense, chifukwa kusavala ukanakhala mlandu wina. Malo anga anali atametedwa mpala. Zingwe zinali zitakokedwa, maenje ali m'mizere yowongoka, pambali pa dzenje lililonse pali kachubu kakuda ka bulugamu wosapitirira supuni kutalika. Zitsa anazikwirira ndi dothi kuti zisaoneke. Chisakasa chinali chokongola, sindinama, nsanamira zoyera mbee, denga lobiriwira. Ana a sukulu anaima kuyambira m'mawa, mvula ikuwanyowetsa, dzuwa n'kuwaumitsa. Amayi tinaimba mpaka mawu anasasa. Abwana anafika dzuwa litapendeka.

Popeza malo anali athu, komiti inandipatsa ulemu wogwira beseni losambitsira abwana m'manja. Abwanawo anabzala kabulugamu kamodzi, kukankhirapo dothi ndi fosholo yatsopano, anthu n'kuwomba m'manja, kenako anabwera kudzakhala m'chisakasa. Ndinagwada patsogolo pawo ndi beseni, thawulo lili paphewa.

Akusamba choncho, kanthu kanagwera m'madzi kuchokera kudenga. Ndinakweza maso. Nthambi zinali zitayamba kufota, koma maluwa aja ndinkawadikira anali atamasula. Pamwamba penipeni pa mutu wa abwana panali nthambi ya maluwa amodziamodzi, lililonse ndi kambulu kake. Ndinayang'ana ina, chimodzimodzi. Inanso, chimodzimodzi. Yaimuna inalipo, koma yochepa. Yambiri inali yaikazi. Ndinaiwala za beseni mpaka madzi anatayikira pa nsapato za abwana, ndipo iwo anaseka mokoma mtima n'kunena kuti mayiyu akuchita manyazi.

Kenako anaimirira kuti alankhule. Anati mitengo ndi chuma. Anati munthu wodula mitengo mwachisawawa ndi mdani wa dziko. Anati aliyense atengere chitsanzo banja limene lapereka malo amenewa mwaufulu. Polankhula anatsamira nsanamira, laimu wanga n'kuwadetsa jekete, tcheyamani n'kuthamanga kukawapukuta ndi mpango wake. Anaitana amuna anga kutsogolo, anawagwira chanza, amayi n'kululuta. Aneba analulutanso, misozi ikutsika, chifukwa panalibe kuchitira mwina.

Chisakasa anachiphwasula sabata yomweyo. Nsanamira sizinabwerere kwa ine, ngakhale kuti ndisonkhere moto. Zinakathera kuseri kwa golosale ya tcheyamani, kumene zinamanga khola la nkhuku. Aneba anakhala masiku osabwera, ndipo atabwera anaima patali ngati mlendo.

"Phepani, aneba. Nzeru yanga ndiyo yawaonetsa mitengo."

Ndinawauza kuti asasenze mlandu wa eni ake. Popanda laimu akanaidula ngati tchire, ndi laimu anaidula ngati nsanamira. Nkhwangwa inali yonola kale ife tisanasungunule kanthu m'ndowa.

Bulugamu uja anatisiyira ife kuti tizisamala, popeza anali pakhomo pathu, ndipo mbande ikanafa funso likanagwera amuna anga. Ine ndinakana kumukhudza. Ankapalira okha, kalaliki wa boma, ndipo chilimwe ankatsika ndi ndowa kumtsinje asanapite kuntchito. M'nyumba tinkalankhulana za mchere ndi za sukulu ya ana basi.

Mvula isanathe ndinaona chinthu pakati pa mizere. Dothi lija anakwirira zitsa linali litakokoloka, ndipo pa chitsa chilichonse panali mphukira, zofiirira, zaubweya, zonenepa kuposa mbande iliyonse imene ndinalerapo m'chitini. Mizu inali yamoyo. Mtengo wophuka pachitsa suchedwa ngati wa njere, chifukwa pansi ndi wamkulu kale. Ndinaona kuti nditangosiya mphukira imodzi pa chitsa chilichonse, m'zaka zochepa ndidzadya masuku anga, ndipo tsopano ndinkadziwa kuti ndi yaikazi. Sindinauze munthu, ngakhale aneba. Ndinkadutsa ngati sindikuona.

Tcheyamani anaona. Sanabwere kwa ine. Anakumana ndi amuna anga potuluka m'tchalitchi, n'kuwauza mwachibale kuti tchire likubwerera m'munda wa abwana, ndipo anthu ena ayamba kufunsa ngati ndi dala. Malo anga anali atasanduka munda wa abwana.

Amuna anga anandipempha kuti ndikazichotse ndine, popeza ndikudziwa pamene pali zitsa zonse. Ndinawauza kuti dzanja langa liyambe lauma. Anavula jekete ya kutchalitchi, anapinda manja a malaya, n'kutsika. Mphukira ya msuku sifuna chikwanje, imathyoka ndi chala. Ndinakhala pakhonde n'kumawaonerera akuwerama pa chitsa chilichonse, osadumpha ngakhale chimodzi, chifukwa anali munthu wosamala pa ntchito.

Zinaphukanso. Anathyolanso. Inakhala ntchito yawo ya Lamulungu, pobwera kopemphera, asanadye. Chilimwe zitsa zinkapuma, mvula ikagwa mphukira n'kutulukanso, chaka chilichonse zowonda kuposa chapitacho. Bulugamu yekha ankakwera kumwamba mwaliwiro lake lopanda nzeru, pansi pake osamera ngakhale udzu, ndipo ngalande zinatsegukanso. Nthawi zina ndinkaimirira kuti nditsike ndikawagwire mkono monga anandigwirira ine. Ndikayang'ana ana anga akusewera pabwalo ndinkakhala pansi n'kuponda makina mpaka singano kuthyoka.

Anthu amati zinthu zimaiwalika. Kwa ine ayi. Tcheyamani anamwalira ali mkulu wa mpingo, ndipo pamaliro pake ananena kuti anali munthu wokonda chitukuko. Abwana aja sindikhulupirira kuti anakumbukirapo za Masasa atangotseka chitseko cha galimoto. Amuna anga ndinakhala nawo mpaka imfa, ndinawadwazika, ndinawalira moona, ndipo ndikudziwa kuti ana anga anaphunzira chifukwa bambo awo sanamangidwe. Ndikudziwa zonsezo, koma kudziwa sikuzimitsa mkwiyo.

Chimene sindinawakhululukire ndi Lamulungu lina, patapita mvula zitatu kapena zinayi. Mvula inali itagwa bwino sabata imeneyo. Anatsika monga mwa nthawi zonse, anayenda mizere yonse, koma sanawerame paliponse. Anakwera mtunda manja ali oyera, nkhope itamasuka mwa njira imene ndinali ndisanaione kwa zaka, n'kudzaima pafupi ndi makina anga.

"Amake mwana," anatero, "zasiya. Sizikuphukanso."

Anandiuza ngati munthu wobweretsa nkhani yabwino, kenako anafunsa ngati chakudya chapsa.